Bondo Lisabisale

Dona Ermelinda anandilembera kuseri kwa risiti:
malaya oyera ogwira thupi,
thalauza lakuda lothina ngati khungu,
kabudula wam'kati wolimba, woti katundu asagwedere,
nsapato zansalu.
Pansi anadula mzere kawiri: wotchi ayi, lamba ayi.

Ine Gervásio Chapotera, wowotcherera zitsulo ku Moatize,
wovala ovolosi, chipewa cholimba, magalasi akuda
ndi jombo za chitsulo kumphuno
kuti moto usandidziwe,
ndinangoperekeza mwana wanga Zelita Loweruka lina.
Ndinaima pawindo, phazi likuyankha lokha nyimbo,
mayiyo n'kundiona.
Akuti amuna akusowa,
atsikana alibe wowanyamula.

"Ndayamba bale," ndinauza amayi ku Ulongwe pafoni.
Iwo anamva mbale, kenaka anamva m'bale.
"Wadwala ndani?"
Ndinati tonse tili bwino.

Ku Kwachena dzuwa likukazinga malata,
mayi wa kaunjika anali atangomasula belo.
Anatambasula miyendo iwiri yakuda m'mwamba,
kuyang'ana iyo, kuyang'ana ine.
"Akazi anu ndi aatali chonchi?"
"Ee, ndi aatali," ndinatero,
"ngati ine ndemwe."
Mametikali zana ndi makumi asanu,
bodza laulere.

Kabudula uja sindinathe kumutchula.
Ndinazungulira benchi katatu ngati galu wofuna pogona,
n'kutola wosambirira, wochepa dala.

Nsapato zansalu za phazi langa
kulibe tsidya lino, kulibe tsidya lija la Zambezi.
Bambo Alfinete a ku Matundo anandipondetsa pakatoni,
kujambula phazi ndi pensulo yakukhutu,
kudula tenti yakale ya lole,
chapansi n'kuika chikopa cha chikwama cha malemu akazi awo.
Posoka anafunsa osadzutsa mutu:
"Ndiye izi, nsapato kapena masokosi onyada?"

Tsikulo ndinavalira m'chimbudzi cha sukulu,
thukuta likukana kuti thalauza likwere.
Ndinatuluka thaulo lili kutsogolo
ngati munthu wopsa nyumba usiku.
"Chotsani," anatero Dona Ermelinda.
"Sindikufuna kuona inu, bambo. Ndikufuna bondo.
Thalauza lotaya limasunga bodza.
Bondo likapindika, ine ndilione."

Ndinachotsa.
Pagalasi lalikulu panaima miyendo iwiri
yomwe yandinyamula zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi
osalonjerana nane.
Wakumanzere wopotoka pang'ono,
chikumbutso cha njinga ya ku Domwe.
Mikono yodzala timadontho ta moto.
Ndi kamimba ka mowa wa Lachisanu,
kopanda pothawira.

Kwathu mwamuna akamavina ngoma amaonjezera:
zibiya m'chiuno, mangenjeza m'miyendo,
chishango, chibonga, nthenga kumutu,
aponde mpaka akumanda atembenuke.
Kuno akuti chepetsa, chepetsanso,
utere ngati mphaka pa thumba la ufa,
nthaka isamve kuti wabwera.
Ine ndinatera. Mawindo ananjenjemera.
Ana khumi ndi awiri anagwira pakamwa.

Koma nditagwira chitsulo cha kukhoma
dzanja linachizindikira:
paipi yamadzi, yowotcherera mwaulesi,
msoko wake ngati mphutsi.
Apa pokha ndinali kwathu.
Ndinaongola msana, zidendene pamodzi,
zala kuloza uku ndi uku ngati anthu okwiyirana,
tenti ya lole ikupsompsona simenti.
"Eya," anatero mayiyo, "bondo ilo lanena zoona."

Mawa lake ntchafu zinalira pokwera chapa.
Lolemba ndinabwerera m'jombo zanga,
koma m'kati mwa chitsulomo, mosaona kapitawo,
zala zikumaloza pansi zokha.

Paipi ija ndaikonza Lachitatu, sindinalipiritse.
Ndipo Zelita, amene tsiku lonse lija sanandiyang'ane,
tili pamlatho anandikoka chala:
"Papa, mwayesetsa.
Koma malaya munavala chotembenuza."